Galasi Losamva Zala za Kalipentala

9 Febuluwale

Mwana wanga wokondedwa,

Landira moni wochokera kuno kwanu. Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli wathanzi, ndipo kuzizira kwa kumeneko sikunakulowe m'mafupa. Ine ndilipo. Bondo ndi lomwe lija, koma m'mawa ndimatsegulabe shedi yanga. Sabata yathayi ndamaliza kabati ya mayi wina wosoka zovala. Anaikonda, ngakhale anadandaula kuti ndinachedwa nayo.

Udabwa kuona envulopu pomwe unanditumizira foni yodula. Foniyo ndi yokongola, ndathokoza. Vuto ndi zala zangazi. Zaka zonsezi za puleni, guluu ndi vanishi zaumitsa khungu ngati chidendene, ndiye galasi lake silindimva. Ndimakhudza, ndimasisita, ndimakanikiza, ilo lili duu. Mdzukulu wanga wamng'ono akangodutsitsapo kachala kake ka maswiti, zonse zimatseguka. Tsiku lina ndinanyowetsa chala ndi malovu, mlamu wako n'kundilanda, akuti ndiononga katundu. Ndiye mchimwene wako anaitenga kuti azindisungira. Amabwera nayo Lamlungu masana, nthawi yomwe iwe umayimba.

Za Lamlunguzo ndikuuze zoona. Amabwera onse, iye, mkazi wake ndi ana, n'kudzaza pabalaza. Ukangooneka pagalasi ana amaunjikana, aliyense akufuna akuonetse lilime lake. Ine amandikhazika pakati ngati mkwati. Chomwe ndimaona ndi mphumi yako ndi denga la kumeneko, loyera bwino, lopanda ndi kangaude yemwe. Mawu ako amafika odukaduka, ndipo makutu angawa, sindinafune kukuuza, ayamba kundinyenga. Ndiye ena akaseka nanenso ndimaseka. Ukatsanzika amanyamuka onse, nyumba n'kukhala zii kuposa mmene inalili asanabwere.

Tsono pali nkhani yomwe singakambidwe pakati pa malilime a ana. Chigwereni changa pa sitepe ya kubafa paja, mchimwene wako wayamba nyimbo yoti ndisamukire kwake, ndipo m'nyumba muno ndi mushedi mulowe anthu a lendi. Akunena mwachikondi, sindikukana. Koma mtima wanga sunavomere. Amayi ako anatsirizikira m'chipinda chomwe ndikugonamo. Ndipo kwa mchimwene wakoko, ndikadzuka m'mawa ndizikatsegula chiyani?

Iye ndi wamkulu, koma iwe amakuopa. Undilembere maganizo ako papepala, ndiwerenge pang'onopang'ono ndili ndekha. Undiuzenso za ntchito, ndiponso ngati ukudya mokwanira. Ndalama sindikupempha.

Ndine bambo ako.


24 Malichi

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji? Bondo likuti chiyani? Ine ndili bwino, kungoti kutopa. Kalata yanu yafika dzulo, itazungulira dziko lonse. Ndinaseka ndekha pamasitepe nditaona zilembo zanu zopendekera zija, kenako ndinalira pang'ono. Inkanunkhira utuchi, kapena ndi mphuno zanga zomwe zinafuna choncho.

Nkhani ya nyumba ndinaiwerenga mtima uli m'mwamba, koma nditaona deti ndinapuma, chifukwa munalemba musanasinthe maganizo. Ndikuona achimwene anakubwezerani foni ndipo zala zayamba kumvana ndi galasi, poti m'mawa uliwonse ndikumalandira "Ndadzuka bwino mwana wanga" ndi kachithunzi ka maluwa. Simungadziwe mmene kauthenga kameneko kamandinyamulira tsiku lonse. Pafoni pomwepo munandilembera kuti mwaganiza bwino, mwatopa kukhala nokha. Lamlungu ndinakufunsaninso ndi pakamwa panga ngati mwatsimikiza, inu n'kugwedeza mutu uku mukuseka.

Mwafunsa za ntchito. Ndikusamalira bambo wina wokalamba m'nyumba mwake momwe. Ankaphunzitsa masamu, ndiye ndimangowatcha Aphunzitsi. Akazi awo anamwalira, ana awo ali kumizinda ina. Ndimawasambitsa, kuwaphikira, kuwapatsa mankhwala, n'kuwayendetsa pang'ono m'khonde. Amatsatira chiphunzitso chakale cha makolo awo chotchedwa Tao, akuti tanthauzo lake ndi Njira. Si tchalitchi, Bambo, musadandaule, ndikupempherabe. Iwo akuti chilichonse chili ndi mayendedwe ake, ndipo mavuto ambiri timawabala tokha pokankha zinthu zomwe zikanayenda pazokha. Foni yawo imakhala m'dirowa, yotseka mawu. Akuti munthu wogwira foni tsiku lonse ali ngati wothirira duwa ola lililonse, amaliwoletsa ndi chikondi chomwecho. Ana awo sayimba kawirikawiri, koma iwo akuti ali pamtendere chifukwa anawamasula.

Tsiku lomwe ndinawerenga uthenga wanu woti mukusamuka, anandipeza kukhitchini ndikulemba ndi kufufuta, kulemba ndi kufufuta. Ndinkafuna kukuletsani. Ndinkafunanso kuyimbira achimwene ndiwazazire. Aphunzitsi anamvetsera zonse, kenako anati, "Bambo ako ndi munthu wamkulu, asankha njira yawo. Ukaponyapo dzanja uli kutali chonchi, ukufuna kuthandiza iwo kapena kudzitonthoza wekha?" Zinandilasa. Ndinafufuta zonse, n'kungotumiza kachithunzi ka chala choloza m'mwamba, kovomera.

Ndiye Bambo, ngati mtima wanu wakhazikika, wanganso wakhazikika. Mukakhala pafupi ndi zidzukulu, ine ndizigona tulo. Chokhacho, kampando kanga kakang'ono kaja musasiyire a lendi.

Ndine mwana wanu.


5 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Ine ndilipo, kaya iwe. Yankho lako sindinalione. Wapositi akamadutsa ndimayerekeza ngati ndikusesa pakhomo, mpaka wayamba kundipukusira mutu ali patali, kuti ndisavutike ndi tsache.

Koma mwina yankho unapereka kale, ine ndiye wogontha. Lamlungu lina mwezi wathawu unanena kanthu pagalasi paja. Ndinaona milomo yako ikuyenda, onse n'kutembenukira kwa ine. Ndinaganiza kuti ukundiseka za ndevu, poti ndinali ndisanamete, ndiye ndinaseka n'kugwedeza mutu. Utatsanzika mchimwene wako anandigwira paphewa, n'kundikuwira m'khutu kuti ndachita bwino kuvomera pamaso pa mwana wanga. Ndinafunsa kuti ndavomera chiyani. Anatsegula foni n'kundionetsa mawu ambirimbiri ang'onoang'ono omwe sindinathe kuwawerenga, ndipo pansi pake panali kachala koloza m'mwamba. Akuti kameneko ndi kako, ndipo kakutanthauza kuti wagwirizana nazo.

Ndinakayang'ana kachalako nthawi yaitali. Ndinakulembera tsamba lonse, iwe n'kundiyankha ndi chala chimodzi, chachikasu, chosafanana ndi chako ngakhale pang'ono.

Sindikukalipira. Ndikanatha kulimbana ndi mchimwene wako akanakhala yekha, ndinamusintha matewera ameneyo. Koma ana anga onse awiri akanena chimodzi, ndiye kuti ine ndi amene sindikuona. Mwina ndakalambadi kuposa mmene ndikudziwira. Mwinanso watopa kudera nkhawa nkhalamba yokhala yokha, ndipo ukufuna kuti uzigwira ntchito mtima uli pansi. Ukanangondiuza, ndikanamva.

Wa lendi wapezeka kale, mnyamata waulemu ndithu, wokonza mafoni. Anabwera ndi tepi kudzayeza shedi. Anagogoda benchi yanga yopalirapo matabwa n'kufunsa ngati ingatuluke pakhomo. Ndinamuuza kuti singatuluke, ndinaipangira mkati momwemo. Anati palibe vuto, aidula pakati.

Ndayamba kulongedza. Sowo, mapuleni ndi matchizulo ndazikulunga m'matumba a simenti. Bambo wina anabwera kuti ndimupangire bedi la mwana wake, ndinamubweza. Aka n'koyamba kubweza ntchito chiyambireni. Anaima pakhomo osamvetsa, mpaka ndinamunamiza kuti matabwa adula.

Tikusamuka kumapeto kwa mwezi uno. Ukafuna kulemba, ulembere kwa mchimwene wako.

Bambo ako.


19 Meyi

Alamu,

Moni, ngati mungaulandire. Kuno tonse tili bwino, ana akukula, apongozi akudya. Ndikulemba papepala ngati tili m'zaka za agogo chifukwa mwatibuloka paliponse, ine, achimwene anu, ngakhale m'gulu la banja munatulukamo. Pepalali ndang'amba m'kope la mwana, mundikhululukire mizere.

Tsiku lija munayimba, achimwene anu anali patebulo ndi ana. Mawu munawalankhula aja anamveka mpaka kukhitchini. Akuba? Achinyengo? Bambo a ana anga sanadye tsiku limenelo. Ndiye ndati ndikuuzeni mbali yathu, poti kumeneko mumangomva za m'makalata.

Inde, mauthenga a m'mawa aja ankalemba ndi achimwene anu, masiku ena ine. Cholakwika n'chiyani? Munagula foni yoti apongozi sangaigwiritse ntchito, kenako n'kuyamba kutumiza "Bambo mwadzuka bwanji" m'mawa uliwonse. Tikachedwa kuyankha, mafoni athu ankalira kusaluni ndili pamutu pa kasitomala, mukufunsa ngati bambo agwanso. Tikanatani? Tinkalemba zomwe akanalemba iwowo. Anali atadzukadi bwino, sitinaname. Maluwawo ndinkasankha ndine, ndipo munkawakonda.

Za kusamuka, achimwene anu analemba kuti bambo atopa kukhala okha chifukwa ndi zomwe tinkaona ndi maso athu. Inu simunawapeze ali chigonere pansi kubafa, atazizidwa, akuitana munthu palibe. Anawanyamula ndi achimwene anu. Kuchipatala ndinakhala nawo ndine, saluni yotseka. Inu munatumiza kachithunzi ka manja opemphera. Sindikunyoza, alamu, ndikudziwa mumathandiza, ndipo moyo wa kumeneko si wamasewera. Koma munthu wa kutali amakonda mosavuta. Thewera la chikondicho timachapa ndife.

Kalata yanu ya mu Malichi inafikira kunyumba yakale titasamuka kale, anabweretsa ndi wa lendi uja. Apongozi anaiwerenga kuchipinda kwawo chitseko chotseka. Atatuluka anangofunsa achimwene anu kuti, "Maluwa ake anali amtundu wanji?" Basi. Kuyambira pamenepo salankhula nawo, kupatula moni.

Tawapatsa chipinda chakumbuyo, chili ndi zenera, bedi labwino, ngakhale wailesi. Zida zawo zili pansi pa bedi. Kampando kanu kali pano, wamng'ono amakhalira akamadya. Madzulo timawaitana pabalaza, amabwera, amakhala pakona n'kumatiyang'ana mmodzimmodzi. Dzana anandifunsa ngati m'nyumba muno muli maliro, poti aliyense wawerama ndipo palibe akulankhula. Ndinawauza kuti ana akuchita za kusukulu pafoni. Anati sukulu yake ndi yosangalatsa, mwana akuseka yekha.

Tsono alamu, mkwiyo wanu tauona. Koma kutibuloka ife ndi kuwabuloka iwo, chifukwa khomo lolowera kwa bambo anu panopa ndi foni yanga. Ganizani bwino.

Ndine mlamu wanu.


15 Juni

Bambo anga,

Ndikupereka moni ndili ndi manyazi. Muli bwanji m'chipinda chachilendocho? Mukugona? Kalata yanu ya mu Epulo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mopinda. Sindinatope nanu, Bambo. Sindinadziwe kuti simukumva, ngakhale munandiuza. Munalemba poyera kuti makutu ayamba kukunyengani ndipo mtima sunavomere, koma ine ndinakhulupirira galasi chifukwa linali ndi deti ya dzulo. Miyezi yonseyi ndakhala ndikudzuka n'kumwetulira maluwa a alamu.

Nditamaliza kuzazira achimwene, mkwiyo wotsala ndinapita nawo kwa Aphunzitsi. Koma ndisanautule ndinaona china. Ndinabwerako msanga kogula mankhwala, n'kulowa osagogoda. Ndinawapeza atatsegula dirowa ija, magalasi ali pamphuno, foni ili m'manja. Ankayang'ana zithunzi za mwana wawo wamwamuna ali kunyanja ndi banja lake, akuzikulitsa ndi zala kuti aone nkhope za zidzukulu. Atandiona anaiponya m'dirowa ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Kuseri kwa tebulo kunali chingwe chotchajira chomwe anachibisa bwinobwino. Foni yomwe amati alibe nayo ntchito ija batire yake imakhala yodzadza tsiku lililonse.

Ndinawauza zonse, za nyumba, za benchi yanu, za kachala kaja. Ndinawauza kuti nzeru zawo zakuchotserani nyumba. Sindinalankhule mwaulemu. Iwo anati, "Ndinakuuza zomwe ndimadziuza ndekha kuti ndipeze tulo. Njira imati usakankhe. Sinanene kuti usafunse kawiri."

Ndinawafunsa chifukwa chomwe sayimbira ana awo ngati akuwasowa chonchi. Anati akayimba, mwana amayankha akuyendetsa galimoto, ndipo amamva yekha kuti akumuchedwetsa. Bola kudikira kuti mwina tsiku lina ayimba mofuna yekha. Usiku wake anakana chakudya. Ine ndinawasambitsabe, kuwadzoza mafuta kumsana, kuwadula zikhadabo. Ndikuchitira bambo a eni zomwe sindinakuchitirenipo inu, ndipo ana awo amandithokoza ndi kachala komweko.

Ndikanakwera ndege mawa, koma mapepala anga okhalira kuno ali kokonzedwanso, ndipo ndikatuluka asanatuluke sadzandilolanso kulowa. Akuti mwina chaka chamawa. Nyumba nayo achimwene akuti wa lendi anasayina zaka ziwiri. Ndiye chomwe ndingathe ndi ichi: ndawatsegulira alamu pafoni, tagwirizana kuti ndiziyimba tsiku lililonse ndikamapita kuntchito, inu nokha, popanda ana. Ndatumizanso timakina tovala m'makutu kuti muzimva bwino. Sindidzalolanso tsiku kudutsa osakuonani.

Mundikhululukire, Bambo.

Mwana wanu.


27 Ogasiti

Mwana wanga wokondedwa,

Moni. Ine ndilipo. Bondo lasiya kupweteka, poti palibe komwe likupita. Timakina ta m'makutu tinafika, ndathokoza. Tsopano ndikumva zonse: firiji, mpope wodontha, mchimwene wako akunong'onezana ndi mkazi wake za ine kuseri kwa khoma.

Za kukhululuka, usavutike nazo. Unapusitsidwa, nanenso ndinagwedeza mutu pa zomwe sindinamve. Mchimwene wakonso ndayamba kumuyankha. Ndi mwana wanga, ndipo anandinyamuladi kubafa kuja.

Koma pali zomwe ndikufuna ndikupemphe, ndipo uwerenge mpaka kumapeto usanakwiye.

Wasunga lonjezo lako, ukuyimba tsiku lililonse. Mlamu wako amalowa m'chipinda atatambasula dzanja, foni ili kutsogolo, ngati nesi wobweretsa mapiritsi. Amaima pambali kudikira kuti ndimeze, chifukwa akuchedwa kusaluni. Iwe umakhala ukuyenda. Ndimaona chibwano chako, mitambo, nthawi zina denga la basi. Umafunsa ngati ndadzuka bwino, ngati ndadya, ngati ndamwa mankhwala. Ndimati inde katatu. Maso ako amathawira pamwamba pa galasi pakalowa uthenga wina, ndimawaona. Kenako umati wafika, tilankhulana mawa.

Lachiwiri lapitali ndinakuuza kuti ndapereka zida zanga zonse kwa bambo uja ndinamubweza ndi bedi, poti mphwake akuphunzira ukalipentala. Sowo, mapuleni, matchizulo, zonse, anabwera ndi wilibala. Ndinakuuza momveka bwino, mlamu wako ndi mboni. Iwe unali ukuwoloka msewu. Unati, "Zabwino Bambo, mumwe madzi ambiri."

Sindikukuimba mlandu, galimoto zikanakugunda. Koma ndinabwerera pabedi n'kuganiza za Aphunzitsi ako. Usawade. Bambo ameneyo ndikumumva kuposa mmene ukumumvera iwe. Za duwa lothiriridwa ola lililonse ananena zoona, ngakhale ananena akunama. Kale ukakhala chete mwezi wathunthu ndinkakusowa, ndinkakulankhula ndikupala thabwa, ndinkasunga tinkhani toti ndidzakuuze. Pano ndilibe nthawi yokusowa, ndipo sindikukupezanso. Iwenso ukatseka foniyo umamva ngati wandiyendera, mtima n'kukhala pansi mpaka mawa. Ndikuopa kuti chaka chamawa mapepala akadzatuluka, udzaona kuti palibe chothamangira, poti bambo umawaona tsiku lililonse.

Njira yawoyo akuti munthu asakankhe, asagwiritsitse kanthu. Ndiye ukawauze kuti kuno kuli wophunzira wawo wakhoza bwino. Nyumba ndinaisiya, benchi anaidula, zida zapita, sindikulimbana ndi aliyense. Ndimadzuka, ndimakhala pazenera, ndimayang'ana khoma la aneba. M'nyumba muno onse akuti ndafatsa. Ungowafunsako ngati mtendere ankanenawo ndi umenewu, chifukwa ine ndikuuona ngati thabwa losiyidwa pamvula. Nalonso sililimbana ndi munthu.

Pempho langa ndi ili: usiye kuyimba. Ukakhala ndi mawu, khala pansi, uvule nsapato, ulembe. Ichedwe miyezi iwiri, ndidikira, kudikira ndiye ntchito yomwe yanditsalira. Ukakhala ulibe mawu, usadzikakamize. Ndipo bambo ako a kumenekowo ukamawadula zikhadabo, usamafulumire. Wina azilandirako.

Kalatayi itenga nthawi kuti ikupeze, ndiye ndikudziwa kuti mawa uyimbabe, ndi mkuja yemwe. Mlamu wako akakuuza kuti ndagona, usamuuze kuti andidzutse.

Ndine bambo ako.